Ndani Adzamulipirira Mwana Wosankha Fizikisi?

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, anyamata ndi asungwana amene akhoza bwino amakhala pansi kusankha maphunziro oti akachite ku yunivesite. Pa nthawi imeneyi aliyense m'banja amakhala ndi mawu. Atate amafuna udokotala, amayi amafuna unamwino kapena zamalamulo, ndipo amalume amene adavutika ndi fizi kuyambira Fomu 1 amati mwanayo aphunzire zowerengera ndalama kuti asachedwe kupeza ntchito. Nkwapatali kumva kholo likuti, "Mwanawe, kaphunzire fizikisi." Ngakhale mwana amene amalikonda phunziroli ndi mtima wonse amalilemba kumapeto kwenikweni, monga mmene mlimi amasungira khasu lakale podziwa kuti mwina latsopano lingaguluke.

Makolowa sitingawadzudzule, pakuti akuwerengera bwino ndithu. Iwo akudziwa kuti maphunziro a ku yunivesite masiku ano ndi ngongole, ndipo munthu wanzeru asanakongole amayamba wafunsa kuti adzabweza ndi chiyani. Tsono funso limene tifuna kulisanthula m'gawo lino ndi ili: ngati dziko likufuna anthu odziwa fizikisi, koma banja lililonse palokha likuona kuti kutumiza mwana ku phunziroli nkutaya mwayi, kodi ndani ayenera kulipira kusiyanako?

Tiyambe taona mmene tidafikira pano. Pamene Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 1965, ophunzira adali ochepa, osakwana ngakhale 100, ndipo Boma linkawasenzera katundu yense: maphunziro, chakudya, pogona ndi kandalama ka m'thumba. Wosankhidwa ankangonyamula sutikesi yake basi. Zinthu zidayamba kusintha cha m'ma 1985, pamene ophunzira adauzidwa kuti azisonkhako kangachepe, ndipo osowa adayamba kupatsidwa ngongole. Ngongole zambiri za zaka zimenezo sizidabwezedwe pa nthawi yake, chifukwa anthu ankaziyesa mphatso ya Boma. M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board kuti lizipereka ngongolezi kwa ophunzira osowa, lizipereka mphatso kwa okhoza koposa, ndiponso lizitolera ngongole zakale. M'chaka cha 2016 fizi ya pa Yunivesite ya Malawi idakwezedwa kuchoka pa K275,000 kufika pa K400,000, ophunzira adachita zionetsero, ndipo idatsitsidwa kufika pa K350,000. M'chaka cha 2023 idafika pa K650,000, ndipo mu November chaka chomwecho ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense, kotero kuti mtengo wa ufa, wa lendi ndi wa sopo udathamanga kusiya m'mbuyo thumba la wophunzira.

Ngongole imeneyi yathandiza ana ambiri a anthu osauka, ndipo wonena kuti njachabe sadaonepo mwana wamasiye akulandira digiri. Koma tiyenera kumvetsa chimene ngongole imatha kuchita ndi chimene siitha. Muyeso wake waukulu ndi umphawi wa wopempha. Imathandiza mwana kulowa pa chipata, koma siimuuza njira yoti alowere akafika mkati. Wophunzira fizikisi adzabweza monga adzabwezere wophunzira zamalamulo. Pa fizi ya chaka cha 2023, zaka zinayi zikupanga K2,600,000, tisanaonjezepo za chakudya ndi pogona. Mnyamata wochokera ku Nthalire kapena msungwana wa ku Makanjira akaiona nambala imeneyi, naganizira kuti ntchito yodziwika bwino ya wophunzira fizikisi m'dziko muno ndi uphunzitsi, amatembenuka msanga. Motero ngongole, ngakhale siikondera phunziro lililonse, imakankhira ana ku maphunziro amene malipiro ake amaoneka poyera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, adatero akale, ndipo mwana wa mmphawi mwambi umenewu amaudziwa kuposa tonsefe.

Pali chinanso chimene anthu amene sadaphunzire sayansi sachidziwa. Fizikisi imadya nthawi. Mmawa wophunzira ali m'kalasi, masana ali mu labotale kufikira dzuwa litapendeka, usiku akulemba lipoti la zimene wayesa ndiponso akulimbana ndi masamu amene sakhululuka. Mnzake wa phunziro lina angathe kupeza mpata wogulitsa zovala za kaunjika kapena wophunzitsa ana a eni nyumba kuti apeze ya ndiwo. Iye mpata wotere alibe. Akakhala m'kachipinda ka lendi ku Chikanda ku Zomba, kapena ku Luwinga ku Mzuzu, nadya kamodzi pa tsiku, mutu sugwira. Pamene tidali pa yunivesite tidaona ndi maso athu anzathu anzeru zedi, amene adayamba nafe fizikisi chaka choyamba, akupatukira ku maphunziro a makompyuta kapena ku masamu a chiwerengero cha zinthu. Sikuti fizikisi idawakanika ayi. Ena a iwo ankatiposa tonse. Ankangoti, "Achimwene, kwathu akundidikira."

Mwina wina afunsa kuti, nanga dziko losauka ngati lathu lili nayo ntchito yanji fizikisi? Kodi si phunziro la maiko amene amatumiza zombo ku mwezi? Funso limeneli limafunsidwa ngakhale ndi anthu ophunzira, choncho tiliyankhe ndi zinthu zimene zachitika pakhomo pathu pomwe.

Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la pa Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Aliyense akukumbukira mdima wa masiku amenewo, zigayo zitaima, owotcherera zitsulo atakhala manja lende. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera, mapiri a Soche ndi Mulanje atakhuthula matope ndi miyala pa midzi. Wolosera za nyengo amene amatichenjeza za namondwe amagwiritsa ntchito fizikisi ya mpweya, ya kutentha ndi ya madzi. Woyeza zivomezi, monga zija zidagwedeza Karonga mu December 2009, ndi wa fizikisi. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, amene adatsekulidwa m'chaka cha 2021 ndi mphamvu ya mamegawati 60, ndi fizikisi yoyalidwa pa munda. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga udayamba m'chaka cha 2009, udaima m'chaka cha 2014, ndipo udayambanso m'chaka cha 2025. Lamulo loyang'anira miyala ndi zipangizo zotulutsa cheza choopsa tidalikhazikitsa m'chaka cha 2011, koma lamulo silingagwire chida choyezera cheza m'madzi a mtsinje. Pafunika munthu, ndipo munthuyo akhale wathu, wodziwa kuti kumunsi kwa mtsinjewo kumamwa abale ake.

Za chipatala ndiye zoonekeratu. Kwa zaka zambiri odwala khansa ofunika kuotchedwa ndi cheza ankatumizidwa kunja kwa dziko pa mtengo waukulu, ndipo ambiri adamwalira akudikira ulendo. Makina oterewa adayamba kugwira ntchito ku Blantyre m'chaka cha 2024 ndiponso ku Lilongwe m'chaka cha 2025. Komatu dokotala sagwira makinawa yekha. Pambali pake pamakhala katswiri wa fizikisi ya zachipatala, amene amayeza mphamvu ya makina ndi kuwerengera mlingo wa cheza choti chilowe m'thupi la wodwala. Chikachepa, chotupa sichifa. Chikachuluka, mnofu wabwino umapsa. Katswiri wotere amayamba ndi digiri yoyamba ya fizikisi, yomwe ija amalume adati njosathandiza.

Koma kusowa kwakukulu koposa kuli m'kalasi. Kuyambira chaka cha 2015 phunziro lija tinkalitcha Physical Science lidagawidwa pawiri m'sukulu za sekondale, fizikisi payokha ndi kemisitiri payokha. Maganizo ake adali abwino, pakuti mwana amalowa mozama m'phunziro lililonse. Koma kugawa phunziro pa pepala sikubala mphunzitsi wachiwiri. Aphunzitsi anzanga a m'sukulu za CDSS akudziwa mmene zimakhalira: amene adaphunzira masamu kapena bayoloje amapemphedwa kuti "agwirizire" fizikisi, ndipo kugwirizirako kumatha zaka khumi. Amayesetsa, ndipo ena amachita zodabwitsa ndi mabatire a tochi, mawaya otola ndi mabotolo. Komabe mwana amene waphunzira za magetsi pongokopera chithunzi cha pa bolodi, osagwirako waya ndi kamodzi komwe, amakula akudziwa kuti fizikisi ndi mawu oloweza ovuta. Sadzaisankha ku yunivesite. Posaisankha iye, sukulu yake idzasowanso mphunzitsi zaka zikubwerazo. Ndi mmene gudumu limeneli limazungulirira, ndipo ngongole wamba ilibe dzanja loliimitsa.

Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina a mphepo opangira magetsi pongowerenga mabuku a sayansi a m'kanyumba ka mabuku ka kwawo. Nkhani yake imakoma kuifotokoza pa tsiku lopereka mphatso. Chimene sitikonda kunena nchakuti ambiri mwa amene adamulipirira maphunziro pambuyo pake, mpaka kukamaliza ku Dartmouth College ku America m'chaka cha 2014, adali anthu akunja amene adamva mbiri yake. Dziko silingakonze tsogolo lake podalira kuti mlendo adzadutsa pa mudzi ndi kamera.

Nanga anzathu amatani? Ku England, dziko la Isaac Newton lomwe, aphunzitsi a fizikisi ndi osowa kotero kuti m'chaka cha maphunziro cha 2023 mpaka 2024 boma lidangopeza anthu 17 pa 100 aliyense amene linkafuna kuti ayambe kuphunzira uphunzitsi wa phunziroli. Pofuna kukopa anthu, m'chaka cha 2025 mpaka 2026 boma lawo lidaika mapaundi 29,000, osabweza, kwa womaliza digiri amene wavomera kuphunzira uphunzitsi wa fizikisi. Apa tiphunzirapo ziwiri. Ngakhale dziko lolemera lavomereza kuti msika pawokha subala aphunzitsi a fizikisi. Komanso ndalama yoperekedwa munthu atamaliza kale digiri imafika mochedwa, pakuti imangolimbirana anthu ochepa omwewo amene mabanki ndi makampani a makompyuta akuwafunanso.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife ndi cha ku South Africa. Kuyambira chaka cha 2007 dzikolo lili ndi thumba lotchedwa Funza Lushaka, limene limalipirira wophunzira uphunzitsi fizi, pogona, chakudya ndi mabuku, makamaka m'maphunziro osowa aphunzitsi monga masamu ndi sayansi. Pangano lake nlosavuta kumva: chaka chilichonse chimene walipiriridwa, udzaphunzitsa chaka chimodzi m'sukulu ya boma. Ukathawa pangano, ndalamayo imasanduka ngongole. Thumbali lili ndi mavuto ake, monga kuchedwa kuwapezera malo omaliza maphunziro, koma mfundo yake njolunjika: boma limanena poyera maphunziro amene likuwafuna, ndipo limaika ndalama pamene paloza chala chake.

Chodabwitsa nchakuti kwa wophunzira fizikisi wa mu Africa, thandizo limachuluka akangodutsa digiri yoyamba. Ku Trieste m'dziko la Italy kuli sukulu ya International Centre for Theoretical Physics, imene adaiyambitsa m'chaka cha 1964 Abdus Salam wa ku Pakistan, amene adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1979. Iye mwini adafika ku Cambridge m'chaka cha 1946 ndi ndalama ya thandizo, ndipo sadaiwale. Sukuluyi imatenga achinyamata a m'maiko osauka ndi kuwalipirira maphunziro a pamwamba. Ku Cape Town kuli African Institute for Mathematical Sciences, imene idatsekulidwa m'chaka cha 2003, ndipo osankhidwa kumeneko salipira kanthu. Zitseko zimenezi nzotsekula kwa Mmalawi, koma wolowapo ayenera kukhala ndi digiri yoyamba yabwino. Ndiye kuti mlatho ulipo kutsidya, koma matabwa a tsidya lino, zaka zinayi zoyamba zija, ndiwo akusowa. Ndipo zaka zimenezi palibe wakunja amene adzatilipirire mokwanira. Ndi udindo wathu.

Maganizo anga tsono ndi awa. Bungwe la ngongole lipitirize ntchito yake monga mwa malamulo, koma pakhale pangano lapadera kwa wophunzira fizikisi, kaya ndi wa digiri ya sayansi kaya ya uphunzitsi, ku Zomba, ku Mzuzu, ku Thyolo, ku Domasi kapena ku Nalikule. Alandire fizi yonse ndi ndalama ya chakudya yokwanira kuyambira sabata yoyamba ya chaka choyamba, pakuti njala ya mwezi woyamba ndiyo imagwetsa ambiri. Ndalamayo ilembedwe ngati ngongole, koma chaka chilichonse chimene adzaphunzitse fizikisi m'sukulu ya Boma, kapena kugwira ntchito ya fizikisi m'chipatala cha Boma kapena ku nthambi ya zanyengo, gawo limodzi mwa magawo anayi a ngongoleyo lizifafanizidwa. Wopita ku sukulu ya kumudzi, kumene ena amakana, ngongole yake ithe msanga koposa. Wofuna kupita ku banki apite mwaufulu, koma abweze monga abwezera ena onse. Njira imeneyi siifuna ofesi yatsopano kapena galimoto zatsopano za mabwana. Ifuna kaundula wolongosoka pakati pa bungwe la ngongole ndi Unduna wa Zamaphunziro.

Tiyeni tiwerengere, kuti tisaope chinthu tisadachiyeze. Titati tithandize ophunzira 100 pa chaka, pa fizi ija ya 2023, ndiye K65 miliyoni pa gulu limodzi, ndipo magulu anayi akadzadza ndi K260 miliyoni pa chaka. Tikaonjeza chakudya ndi pogona, kaya tiwirikize kawiri kapena katatu, sitidafikebe pa K1 biliyoni. Yerekezani ndi zimene dziko lidataya m'chaka chimodzi cha mdima wa Kapichira. Ndiponso si Boma lokha loyenera kusenza. Makampani opanga ndi kugulitsa magetsi, a mafoni ndi a migodi ndiwo amayamba kutola omaliza maphunziro a sayansi. Nkoyenera kuti azithirira nawo mbewu imene amakolola. Olemba anthu ntchito amapereka kale msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja, choncho maganizo otere si achilendo kwathu kuno.

Pali zotsutsa, ndipo zina nzolemera. Mphunzitsi wa mbiri yakale kapena wa Chichewa adzati, kodi phunziro langa ndi lopanda pake? Iyayi, ndipo ine amene ndikulemba m'chinenero chathu sindinganene zotero. Thandizo lapadera silinena kuti phunziro ili ndi lolemekezeka kuposa linzake. Likunena kuti apa ndi pamene denga likudontha chaka chino. Likadzadontha pena, ndalama idzasamukire pamenepo, ndipo nchifukwa chake mndandanda wa maphunziro osowa uyenera kuunikidwanso pakapita zaka zingapo.

Chotsutsa chachiwiri ndicho chimandisowetsa tulo. Ndalama ingakope mwana amene fizikisi saikonda, wongofuna chakudya cha zaka zinayi, ndipo mphunzitsi wotere adzaphunzitsa ndi nkhope ya munthu amene akugwira thangata. Walira mvula walira matope. Mankhwala ake ndi kusankha mosamala ndiponso kufuna kuti wolandira azikhoza bwino chaka chilichonse. Koma posankhapo tisangoyang'ana mapointi okha. Tikatero thandizo lonse lidzapita kwa ana a m'sukulu zokhala ndi labotale, amene ambiri mwa iwo makolo awo angathe kulipira. Mwana amene wapeza 3 mu fizikisi pa sukulu yopanda magetsi waonetsa zambiri kuposa wopeza 2 pa sukulu ya zonse. Gawo lina la malo lisungidwire ana a m'ma CDSS, ndipo lina asungwana, pakuti msungwana wa Fomu 2 amene sadaonepo mayi akuphunzitsa fizikisi amakhulupirira msanga bodza lakuti phunziroli ndi la amuna.

Chachitatu nchakuti pangano likatha, munthu adzachoka. Zimenezi nzoona, ndipo ena adzapita ku Gaborone kapena ku Johannesburg. Koma zaka zinayi za mphunzitsi wodziwa, pa sukulu imene sidakhalepo naye, ndi magulu anayi a Fomu 4 amene adzalemba mayeso atagwirako zipangizo. Ndipo kuti akhalitse, pafunika nyumba yosadontha, labotale yokhala ndi zida, ndi mwayi wokapitiriza maphunziro osataya ntchito. Ndalama ya ku yunivesite payokha siingagule zimenezi.

Kwa inu amene mukusankha maphunziro chaka chino, pangano ndafotokozali ndi maganizo chabe, musalidikire. Chimene chilipo ndi ngongole ya bungwe lija, ndipo muipemphe pa nthawi yake, makalata onse ochitira umboni za umphawi wa kwanu ali m'manja. Muuzenso amalume kuti wophunzira fizikisi samathera pa choko pokha: amapezeka ku magetsi, ku mafoni, ku zanyengo, ku migodi, ku chipatala ndi ku bungwe loona za miyezo ya katundu, ndipo masamu amene amawadziwa amafunidwa ngakhale ku mabanki komweko. Aphunzitsi anzanga, ife ndife amene timakhala ndi anawa pa tsiku losankha. Tisanawauze kuti alembe fizikisi kumapeto, tiyambe tawafotokozera za Trieste ndi Cape Town, ndi za munthu uja amakhala pambali pa dokotala kuwerengera mlingo wa cheza, chifukwa ambiri mwa iwo sadamvepo kuti ntchito yotere iliko.